Zigubu zobooka zikhoza kukhala mboni: kapangidwe ka luso la zotola lodandaulira chilungamo

Ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ku London, kuli mpando umene munthu sangaukhalire mtima uli m'malo. Miyendo yake, pokhala pake ndi chotsamira chake, zonse ndi mfuti zodulidwa n'kuwotchereredwa pamodzi. Anaupanga mu 2001 ndi Cristóvão Canhavato wa ku Maputo, amene anzake amangomutcha Kester. Mfutizo anazipereka ndi anthu a ku Mozambique nkhondo itatha mu 1992, posinthanitsa ndi makasu, njinga, makina osokera ndi zipangizo zomangira nyumba, pa ntchito imene Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995. Amene anakulira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu kapena Dedza zaka zimenezo sasowa womufotokozera za nkhondoyo, poti anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno n'kudzakhala nafe.

Kester akanatenga mtengo wa m'bawa n'kusema mpando wosalala, kenako n'kujambulapo mfuti, tikanangoti mnyamatayu ali ndi dzanja. Koma mfuti zimenezi zinalipo pamene anthu ankafa, ndipo palibe ngakhale imodzi inapangidwa mu Africa muno. Mpandowo umanena zonsezi usanalembedwepo liwu lililonse. Luso la zinthu zotola limagwira ntchito chonchi: chinthu chimene chinalipo pa mlandu ndicho mumachiimika pabwalo kuti chipereke umboni. Ndifotokoza kachitidwe kake potsatira zimene ine ndi anzanga tinachita kudera kwathu pamene mpopi wa tonse unatha miyezi uli gwa, kuphatikizapo pamene tinaphonya.

Yambani ndi nkhani, zotola zibwere pambuyo

Ambiri amayamba n'kutola. Amadzaza thumba ndi zitsekerero za mabotolo, kenako n'kumakanda mutu kuti zimenezi zinene chiyani. Mapeto ake amapanga mapu a Africa kapena nkhunda n'kulembapo kuti "Mtendere". Palibe amene amakwiya nazo, palibenso amene amazikumbukira mawa lake.

Tengani kope mulembe chiganizo chimodzi chokha. Chinene amene akuvutika, kumene akuvutikira, ndi amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu. Mawu ngati "umphawi" kapena "katangale" ali ngati nkhungu, simungawagwire ndi manja. Chiganizo chathu chinali chakuti amayi a kuno akudzuka 3 koloko usiku kukaima pamzere wa madzi kutsidya lina la mtsinje, chikhalirecho ndalama za mpopi tinasonkha. Chiganizocho chikakukanikani kulemba, musagwire kaye waya ndi pulaya, nkhaniyo simunaimvetse.

Kakhaleni pansi ndi eni nkhani

Ngati vutolo silikukhudzani inu mwachindunji, pitani kwa amene likuwakhudza musanajambule ngakhale mzere umodzi. Musapite ndi kamera tsiku loyamba. Khalani pamphasa, funsani mmene tsiku lawo limayendera, ndipo mvetserani zinthu zimene akuzitchula mobwerezabwereza. Ife tinapita tikuganiza zopanga mpopi waukulu wa malata. Mayi wina wachikulire, amene tonse timangowatcha agogo, anatiseka. Anati, "Ana inu, mpopi tonse timaudziwa. Kodi munaonapo mzere wa zigubu usiku, eni ake atakagona pakhonde la anthu?" Pamenepo mpamene tinapeza chosema chathu. Aliyense wa m'tauni amadziwa kuti pamadzi chigubu chimaima pamzere m'malo mwa mwini wake, ndipo kuchisuntha ndi kuputa ndewu. Chigubu ndi munthu kale, ife sitinafunike kuchipatsa nkhope.

Popempha zinthu za anthu, nenani zoona zokhazokha: chidzaikidwa pati, chidzaonedwa ndi ndani, chidzakhala masiku angati, ndipo pambuyo pake chidzapita kuti. Musadabwe munthu akakana kukupatsani chitenje chakutha kapena nsapato ya mwana. Kwathu kuno chovala cha munthu sichiperekedwa wamba, ena amaopa kuti mukachipita nacho kwa asing'anga, ndipo mantha amenewo musawaseke. Akakana, thokozani muzipita. Ngati mungathe, tsanzirani a bishopu aja posinthanitsa. Ife tinasonkherana n'kugula zigubu zatsopano zingapo, ndipo amene anapereka chobooka analowa m'maere olandira chatsopano.

Pa nkhani zopweteka kwambiri, monga nkhanza kwa amayi kapena kuphedwa kwa anzathu achialubino, musakhudze katundu wa wovulalayo kapena wa malemu popanda chilolezo cha banja, ndipo nthawi zambiri ndi bwino kusamukhudza n'komwe. Elina Chauvet wa ku Mexico anasonyeza njira ina mu 2009. Pofuna kulira amayi ophedwa ndi osowa mumzinda wa Ciudad Juárez, anapempha amayi amoyo kuti apereke nsapato zawo, anazipaka zofiira n'kuzindandalika mumsewu, mapeya 33, popanda munthu woziponda. Palibe banja linaululidwa chinsinsi, koma wodutsa aliyense anaona kuti pali anthu amene anayenera kuima pamenepo ndipo palibe.

Sankhani chinthu chimene chinalipo

Apa mpamene pagona ntchito yonse, choncho musathamange. Chinthu chilichonse chimene mukufuna kugwiritsa ntchito chifunseni mafunso awiri. Kodi chinakhudzidwa ndi manja a anthu a m'nkhaniyi? Kodi munthu wosapita kusukulu akachiona achizindikira osauzidwa? Chikalephera funso limodzi, chisiyeni ngakhale chikhale chonyezimira chotani.

Romuald Hazoumè wa ku Benin amagwiritsa ntchito zigubu zakuda za petulo, zimene anyamata amazembetsera mafuta panjinga zamoto kuchokera ku Nigeria, moyo uli m'manja. Amangochitembenuza chigubu, chogwirira n'kukhala mphuno, pothirira n'kukhala pakamwa. Pa ntchito yake yotchedwa La Bouche du Roi anayala zigubu 304 pansi mofanana ndi mmene akapolo ankawapakirira m'sitima zapamadzi. El Anatsui, mbadwa ya ku Ghana amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Nsukka ku Nigeria, amaphwatalala zitsekerero za mabotolo a mowa n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa mpaka zitakhala nsalu yaikulu ngati khoma la tchalitchi. Anasankha za mowa dala, poti mowa unali umodzi mwa katundu amene azungu ankagulira akapolo. Ku Mbare ku Harare, Moffat Takadiwa amaluka mabatani a makompyuta otayidwa, miswachi yakutha ndi zitsekerero, zambiri mwa izo zochokera kunja, ndipo zilembo zomwazika pa mabatanipo zimakumbutsa za chinenero chimene atsamunda anatisiyira. Onsewa sanatole chilichonse chimene chinali pafupi. Aliyense anatola chinthu chimene nkhani yake inali kale mkati mwake.

Mukayang'ana kwathu kuno mboni zili mbwee. Timabotolo ta midoli tomwazika kuseri kwa sukulu. Matumba a fetereza opanda kanthu. Majumbo opyapyala odzaza mumtsinje wa Mudi, pamene boma linawaletsa mu 2015, onse osakwana mamaikiloni 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki), ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Malata opindikapindika amene namondwe Freddy anasiya m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023. Miyendo ya madesiki othyoka. Patapata mmodzimmodzi wa ana oyenda mtunda wautali. Ndipo tisamachite ngati luso limeneli latsika ndi ndege. Mwana wopanga galimoto ya mawaya amalidziwa, wokhoma koloboyi ndi chitini amalidziwa, ndipo gule wamkulu wakhala akudzudzula zidakwa, mbava ndi anthu odzikuza atavala masanza, ziguduli ndi nthenga kuyambira makolo athu. Sindikuti mukatengere za kudambwe, zimenezo zili ndi eni ake. Ndikungoti maso a anthu athu anazolowera kale kuwerenga chiguduli.

Kutola ndi kutsuka

Valani magolovesi ochindikala ndi nsapato zotseka, osati patapata. Msomali wadzimbiri ukakubayani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Pali zinthu zosatola ngakhale nkhani yanu itazifuna chotani: majakisoni ndi chilichonse chochokera m'dzala la chipatala, mabatire ophulika, mabotolo amene munali mankhwala a mbewu kapena a makoswe, ndi zidutswa za denga la asibesitosi, zimene fumbi lake limawononga mapapo. Za kumanda zisiyeni kumanda. Mukapeza chipolopolo kapena chitsulo chokayikitsa, makamaka m'madera a m'malire, musachigwire, dziwitsani a mfumu ndi apolisi. Mfuti za Kester zinayamba zadulidwa ndi anthu odziwa ntchitoyo zisanafike kwa amisiri.

Kumtaya kuli anthu amene amadyera pomwepo. Musawalande malonda. Auzeni chimene mukufuna, gwirizanani mtengo, ndipo muona kuti m'masiku awiri akupezerani zimene inu mukanatha mwezi mukuzisaka.

Mukafika nazo kunyumba, tsukani ndi sopo, muviike m'madzi othira jiki pang'ono, muyanike padzuwa. Jikiyo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Koma samalani kuti mukuchotsa matenda, osati mbiri. Dzina lolembedwa ndi msomali wamoto pachigubu, chigamba cha pulasitiki chomatidwa pobooka, chingwe cha chitenje chimene chinalowa m'malo mwa chogwirira chothyoka, zonsezi zisiyeni mmene zilili. M'kope muja lembani kumene chinthu chilichonse chachokera ndi zimene mwini wake ananena pokupatsani.

Yalani pansi musanamange

Sesani pabwalo, yalani zonse, ndipo muzisiye masiku angapo mukuziyang'ana m'mawa ndi madzulo. Zisuntheni. Ziunjikeni, zindandalikeni, zipachikeni pamtengo, muone pamene zikuyamba kulankhula. Chinthu chimodzi chili chokha chimaoneka ngati chotayika, koma zofanana zikachuluka zimasanduka khamu la anthu. Nthawi zina chiwerengero chenichenicho ndicho uthenga, monga desiki imodzi itazunguliridwa ndi njerwa zokhalira zochuluka ngati ana a kalasi imodzi ya pasukulu yanu, mutawawerenga nokha.

Itanani mwana wa zaka khumi ndi munthu wachikulire mmodzi, musawauze kanthu, muwafunse chimene akuona. Akanena zina, vuto si iwo ayi. Chotsani zinthu m'malo mowonjezera. Ife tinali titaika nkhata pachigubu chilichonse, wotchi yakufa patsogolo, ndi chidole cha mwana pambali, mpaka zonse zinkangooneka ngati pa kaunjika. Titachotsa zonsezo panatsala mzere wokhotakhota wa zigubu ndi ndowa, wolunjika pa kampopi kadzimbiri kokhomeredwa pamtengo. Mwana uja anangoti, "Madzi sakutuluka." Basi.

Kulumikiza

Zida zake n'zochepa: pulaya, hamala, misomali, sowo yodulira zitsulo, waya wofewa womangira, linya ndi mphira wa chubu. Pulasitiki amaboola ndi msomali wotenthetsa pambaula, mutaugwira ndi pulaya, ndipo muzichitira panja mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwanu. Musawotche pulasitiki kuti asungunuke n'kumatana, utsi wake ndi poizoni. Zitsekerero zachitsulo ziphwatalaleni ndi hamala pathabwa, muboole mabowo anayi, mulumikize ndi tizidutswa ta waya, ndipo nsonga za wayayo muzipindire kumbuyo kuti zisabaye wogwira. Guluu musamudalire, dzuwa la Okutobala limamusungunula ndipo mvula imamaliza. Chomanga ndi waya chimakhalitsa, chimasunthika, ndipo chikaduka mumachikonza pomwepo.

Za malata pitani nazo kwa wokhoma zidebe, amadziwa kupinda m'mphepete kuti musacheke munthu. Za zitsulo zolemera pitani nazo kwa wowotcherera, ndipo mumulipire monga mmisiri mnzanu. Chenjezo limodzi ndilinene mokweza: mgolo kapena thanki imene munakhalapo petulo, dizilo kapena parafini isayandikire moto wowotcherera kapena chodulira chothetheka, ngakhale ioneke youma. Mpweya wotsalira mkatimo umaphulika.

Chosema choimirira chimafuna phazi lolemera. Tayala lakutha lothiramo simenti, mutazikamo chitsulo pakati, limagwira bwino ndipo limagubuduzika posamutsa. Chikankheni ndi mphamvu ngati mmene angachitire mwana wopulupudza, chikagwedezeka onjezerani kulemera pansi. Mitengo isakhudze dothi chifukwa cha chiswe. Chilichonse chimene chingasunge madzi a mvula chibooleni pansi, kuopa kuti mungadandaulire madzi uku mukuweta udzudzu.

Tsopano za penti, pamene ife tinagwa chagada. Mnzathu wina anapeza zitini zotsala pa ntchito ina, ndipo tinapaka zigubu khumi zoyambirira zofiira, zobiriwira ndi zachikasu. Zinakongola zedi. Atsikana odutsa anayamba kujambulitsa pomwepo, wina mpaka anafunsa ngati tikukongoletsa za ukwati. Agogo aja atafika anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Changa chili kuti?" Chinali patsogolo pawo, koma penti anali atakwirira chigamba chimene anamata okha. Tinatha masiku awiri tikupala ndi mchenga. Ngati mupaka, pakani mtundu umodzi ndipo mukhale ndi chifukwa, monga zinalili ndi nsapato zofiira zija. Ngati chifukwa palibe, dzimbiri ndi zipsera zikhale momwemo.

Mawu akhale ochepa ndi oona

Chipatseni dzina lalifupi m'chinenero cha anthu a pamalopo. Chathu tinachitcha "Ndani womaliza?", funso limene aliyense amafunsa akafika pamzere. Pachigubu chilichonse tinalembapo ndi choko chonyowa ola limene mwini wake amadzuka, koma mayina sitinawalembe. Pachikwangwani lembani mizere iwiri kapena itatu: zinthuzi n'chiyani, zachokera kuti, mukupempha chiyani. Nambala iliyonse imene mwalemba ikhale yoti mwawerenga nokha kapena mungasonyeze pamene mwaitenga, chifukwa nambala imodzi yabodza imapatsa wolakwa pothawira. Musalembe dzina la munthu n'kumutcha wakuba. Kupatula kuti mukhoza kukokeredwa kukhoti, nkhani imachoka pa madzi n'kukhala ya inu ndi iyeyo. Funso limaluma kuposa chitonzo: "Ndalama tinasonkha, madzi ali kuti?"

Malo, chilolezo ndi tsiku

Ikani chosemacho pamene eni nkhani ndi oyenera kuyankha onse amadutsa: pamsika, pabwalo la a mfumu, pafupi ndi sukulu, panja pa tchalitchi kapena mzikiti. M'nyumba yoonetsera zaluso m'tauni mumalowa anthu amene madzi amatuluka m'nyumba zawo. Pemphani malo kwa mwini wake, kaya ndi a mfumu, atcheyamani a msika, a hedi kapena khonsolo, ndipo apatseni chithunzi cha zimene mudzaike kuti asadzati munawabisira. Ngati padzakhala kuyenda pamsewu kapena msonkhano wa anthu ambiri, lamulo limafuna kuti bwanamkubwa adziwitsidwe pasadakhale, ndiye lembani kalata ndipo kope lake lodindidwa musunge m'thumba. Musatseke njira, musatchinge malonda a munthu.

Tsiku likhoza kukuthandizani. La madzi padziko lonse ndi 22 Malichi, la anthu achialubino ndi 13 Juni, ndipo masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi amayamba pa 25 Novembala kufika pa 10 Disembala. Nthawi zimenezi atolankhani ndi akuluakulu amakhala akusakasaka poti aonekere. Koma kunena zoona tsiku la msika limaposa onsewa. Akhansala, a komiti ya chitukuko ndi aliyense amene pempho lanu likupita kwa iye muwaitane ndi kalata, mwaulemu, ndipo muwasungire mpando.

Usiku musasiye zitsulo zokha. Ife kampopi kathu kanapita usiku woyamba womwe, anyamata ogulitsa zitsulo zakutha anakaona ngati ndalama yongotola. Sindinawakwiyire kwenikweni, nawonso ndi otola anzathu. Tinapeza kena, ndipo kuyambira pamenepo tinkakazula madzulo n'kukagona nako kunyumba.

Pa tsikulo ndi pambuyo pake

Imani chapatali pang'ono ndipo mutseke pakamwa. Anthu akafunsa tanthauzo, abwezereni funsolo, kapena muwalozere kwa eni zigubu ngati iwo avomera kulankhula. Musajambule nkhope ya munthu, makamaka mwana, osapempha, ndipo musanaike chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp ganizirani ngati sichimuika wina m'mavuto kwa mwamuna wake, kwa abwana ake kapena kwa eni nyumba. Khalani ndi pempho limodzi lolembedwa papepala loti wamkulu akafika mumupatse m'manja. Lathu linali lakuti komiti iwerenge poyera ndalama zimene zinasonkhedwa, ndipo itchule tsiku. Mkulu wina wa komitiyo anayenda mzere wonse manja ali kumbuyo, akuwerenga maola aja chamumtima, ndipo atafika pakampopi anakapotokola ngati kangatuluke kanthu. Anthu anaseka, iye sanaseke. Tsiku la msonkhano analitchula pomwepo.

Masiku amene munalonjeza akakwana, chotsani zonse ndipo musese malowo kuposa mmene munawapezera. Zimene eni ake akuzifuna abwezereni. Zitsulo gulitsani, ndalamayo ilipire amene anakuthandizani kutola. Zigubu zathu zambiri tinazidula pakati n'kudzalamo mpiru ndi anyezi kuseri kwa sukulu ya mkaka. Agogo aja anakana kuti chawo chidulidwe. Anachitembenuza, anayang'ana bowo limene tinaboola pansi chifukwa cha udzudzu, n'kutipempha kapulasitiki ndi msomali wamoto kuti amatepo chigamba chachiwiri.